Mutu 9: Kusonkha maganizo a ntchito ya luso yokhudza kulankhulana pa foni ndi maso ndi maso

Mawu oyamba

M'mutu wapitawu tinakambirana za kutola zipangizo za luso m'dera lomwe mukukhala: dongo la kudambo, mawaya, makatoni, mapesi, nsanza za zitenje ndi zina zotero. Tiyerekeze kuti zipangizozo mwazipeza ndipo zaunjikidwa pakona ya kalasi. Nanga ana apanga nazo chiyani? Apa ndi pamene ambirife timathamanga. Timalemba mutu pabolodi, n'kuuza ana kuti "jambulani", ife n'kukhala pampando kumachonga makope a masamu.

M'mutu uno tiima pa gawo limene timalilumphalo, la kusonkha maganizo ana asanagwire chipangizo chilichonse. Mabuku a Chingerezi njirayi amaitcha brainstorming. Ife tiziti kusonkha maganizo, monga momwe anthu amasonkhera nkhuni pamoto wa pasiwa: aliyense amabwera ndi chikuni chake, kaya chachikulu kaya chaching'ono. Chitsanzo chathu chikhala ntchito ya luso yoonetsa kusiyana kwa kulankhulana pa foni kapena pa intaneti ndi kulankhulana maso ndi maso. Ntchitoyi ndi yoyenera ana a zaka 11 mpaka 15.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muzitha:

- kukonza funso loyambira limene silikuwauza ana yankho;
- kutsogolera kusonkha maganizo m'kalasi la ana ambiri;
- kuthandiza ana kusankha ganizo limodzi loti lipangike ndi zipangizo za m'dera lawo.

Patulani maola 3 owerengera mutuwu ndi kuchita ntchito zake. Khalani ndi kope lanu pafupi.

Funso limene limabala zithunzi zofanana

Chaka china ndinapita kukayendera mphunzitsi wina amene ankachita maphunziro ano. Anali wakhama, ndipo chikonzero chake cha phunziro chinali chaukhondo. Pabolodi analemba kuti, "Kodi foni ndi yabwino kapena ndi yoipa?" Ana, amene analipo oposa 70, anayang'ana nkhope ya aphunzitsi awo kaye, monga amachitira ana onse, kuti aone yankho limene likufunika. Patapita mphindi 40 ndinazungulira kalasi. Pafupifupi pepala lililonse linali ndi foni yothethedwa ndi mizere iwiri. Ena anawonjezerapo mawu akuti "Foni imaononga khalidwe".

Mtsikana wina kumbuyo sanajambule kanthu. Aphunzitsi anati ndi mphwayi. Pa nthawi yopuma ndinamufunsa, ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti amayi ake ali ku Joni chaka chachitatu tsopano. Amawaona Lamulungu madzulo pa foni ya azakhali ake, mayunitsi akakhalapo. Ndiye amuuze kuti athethe chinthu chimenecho?

Vuto silinali pa mwanayo. Funso la "chabwino n'chiti" limafuna chigamulo, ndipo mwana akapereka chigamulo ntchito yatha, palibenso chojambula koma chikwangwani cha chenjezo. Luso limayamba pamene mwana wakumbukira chinthu chimodzi chimene chinam'chitikira iyeyo, tsiku lakutilakuti, pamalo akutiakuti. Choncho funso loyambira lizifunsa za chochitika. Nawa mafunso amene ndawaona akutsegula pakamwa pa ana:

"Kumbukira uthenga wina umene unafika kwanu pa foni. Unali wotani? Anaulandira ndani, ali pati, ndipo nkhope yawo inaoneka bwanji?"

"N'chiyani chimene ungathe kunena pa foni koma sungayerekeze kuchinena munthuyo ali pamaso pako? Nanga n'chiyani chimene sichinganenedwe pa foni?"

Taonani kuti mafunsowa safuna kuti mwana akhale ndi foni yakeyake. Ana ambiri m'makalasi athu alibe, koma palibe amene sanaonepo foni ikulira pakhomo pawo kapena pa anansi.

Ntchito 1

Musanapitirire kuwerenga, yankhani nokha mafunso awiriwo m'kope lanu. Lembani zochitika 5 za m'moyo wanu. Musalembe zoti "foni imafulumizitsa mauthenga". Lembani monga, "Uthenga wa imfa ya amalume unandipeza ndili m'minibasi, anthu akuseka nkhani za mpira." Mukatha, chongani chochitika chimene mukuchiona bwinobwino mukatsinzina.

Kumene njirayi inachokera, ndi pamene imatsimphina

Amene anatchukitsa kusonkha maganizo ndi Alex Osborn, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ya BBDO ku New York. M'buku lake lotchedwa Applied Imagination, la mu 1953, anaikamo malamulo 4: osadzudzula ganizo la munthu pa nthawi yosonkha, kufuna maganizo ambiri, kulandira ngakhale ganizo looneka ngati lamisala, ndiponso kumanga pa ganizo la mnzako. Lamulo loyambalo ndiye lovuta kwa ife aphunzitsi. Ngakhale mawu oti "wakhoza" ndi chigamulo. Mukamuuza mwana mmodzi kuti wakhoza, ana 10 otsatira abwereza zomwezo posintha mawu pang'ono.

Paja timati mutu umodzi susenza denga, ndiye n'zosavuta kuganiza kuti gulu likakhala pamodzi n'kumayankhula, maganizo achuluka. Kafukufuku sagwirizana nazo kwenikweni. Mu 1958, pa yunivesite ya Yale ku America, Donald Taylor ndi anzake awiri anayerekeza magulu a anthu 4 okambirana pamodzi ndi anthu 4 oganiza aliyense payekha, maganizo awo n'kuphatikizidwa pambuyo. Oganiza paokhawo anatulutsa maganizo ochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mu 1987 Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe, ku Germany, anaonetsa chifukwa chachikulu: pagulu amayankhula ndi mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo podikira mpata wako umaiwala ganizo lako kapena kuliona ngati losafunikanso.

Ngati zili choncho pa anthu 4, kuli bwanji pa ana 80? Kumeneko amayankhula ndi ana 6 omwe aja a kutsogolo, ena onse n'kumangoti "eee". Denga timasenzadi tonse, koma aliyense ayambe wakadula yekha phaso lake.

Kachitidwe kake m'kalasi

Yambani ndi mphindi 5 za chete. Mwana aliyense alembe kapena ajambule tizithunzi ta zochitika zake pa pepala lake. Amene kulemba kumamuvuta aloledwe kujambula basi, ndipo alembe m'chiyankhulo chimene amalankhula kwawo. Musayendeyende ndi cholembera chofiira m'manja.

Kenako ikani ana m'magulu a 6. Pano tibwereka njira imene Bernd Rohrbach wa ku Germany anaifalitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, yotchedwa 6-3-5: anthu 6, aliyense alembe maganizo 3 m'mphindi 5, kenako apatsire pepala lake kwa mnzake wa kumanja, amene awerenge ndi kuwonjezerapo ena 3. Pepala likazungulira onse, pakhala patapita mphindi 30 ndipo gululo lili ndi maganizo 108. Kwa ana, chiwerengero chimenecho n'chambiri. Ine ndimati ganizo limodzi lokha pa mphindi 3 zilizonse, ndipo mwana aliyense ayambe chiganizo chake ndi mawu akuti "Tikhoza kupanga..." kapena "Tikhoza kuonetsa...". Pa mphindi 18 gulu lililonse likhala ndi maganizo 36, ndipo mwana wamanyazi uja waikapo ake 6 popanda kukweza dzanja.

Kuyankhula kubwere pomaliza. Gulu lililonse liwerengere kalasi maganizo 3 amene lawakonda ndi limodzi limene lawaseketsa. Lomalizali musalisiye. Kawirikawiri ganizo labwino limabisala m'menemo.

Maganizo akaphwa msanga, musawapatse anu. Apatseni chinthu choti aganizirepo. Mwachitsanzo, lembani pabolodi mawu akuti "Mwachita bwino" ndipo ana 4 awatchule mosiyana: mothokoza, monyogodola, mokwiya, molira. Pabolodi mawuwo ndi amodzimodzi. Afunseni kuti, munthu akalandira mawu amenewa pa foni adziwa bwanji amene akutanthauzidwa? Chichewa chathu ndiye chimaonjeza: mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi, chimene chimasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, chomwe cholembera sichinyamula. Vutoli anthu ena analiona kale. Mu 1982 Scott Fahlman, wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon, anapereka ganizo loti azilemba :-) posonyeza kuti zimene zalembedwa pa kompyuta ndi nthabwala. Mu 1999 Shigetaka Kurita wa ku Japan anajambula tizithunzi 176 ta pa foni, timene tili m'gulu la ma emoji oyambirira. Afunseni ana: pa tizithunzi timene mumationa pa WhatsApp, kalipo kosonyeza kugwada? Kalipo kosonyeza kugwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere popereka moni kwa akulu? Ngati palibe, kangaoneke bwanji? Apo ntchito ya luso yapezeka kale.

Pang'ono pokha, chenjezo kwa inu amene mumakonda kuwerenga. Mudzapeza m'mabuku ena kuti mawu amanyamula 7 peresenti yokha ya uthenga, kwinako ndi liwu ndi nkhope. Chiwerengerochi chinachokera pa kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967, amene ankayesa mawu amodziamodzi okhudza kukonda kapena kusakonda, pamene liwu ndi mawuwo zikutsutsana. Sichikunena za kulankhulana konse. Musachilembe pabolodi ngati lamulo.

Zimene amisiri ena anachita ndi mutu womwewu

Zitsanzo izi muwauze ana atatha kusonkha maganizo awo, osati asanayambe, kuopa kuti angangokopera. Simukusowa zithunzi zake. Kufotokoza pakamwa n'kokwanira.

Mu Novembala 1980, intaneti isanafike kwa anthu wamba, Kit Galloway ndi Sherrie Rabinowitz anaika zoonetsera zikuluzikulu ziwiri, china pa Lincoln Center ku New York, china ku Century City mu mzinda wa Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000. Anazilumikiza kudzera pa setilaiti kwa madzulo atatu. Sanalengeze chilichonse. Anthu odutsa anangodabwa akuona anthu ena amsinkhu weniweni akuwayang'ana, ndipo atayankhula, a mbali inayo anayankha. Pofika madzulo omaliza mbiri inali itawanda, ndipo achibale amene anali asanaonane kwa nthawi yaitali ankapangana kuti akumane pamenepo. Ntchitoyi anaitcha Hole in Space. Mukamaifotokoza, yang'anani nkhope za ana amene makolo awo ali kutali.

Mu 2010 Marina Abramović anachita zosiyana kotheratu. Ku Museum of Modern Art ku New York, kuyambira Malichi mpaka kumapeto kwa Meyi, ankakhala pampando tsiku lonse osayankhula. Patsogolo pake panali mpando wina woti aliyense akhalepo n'kuyang'anana naye maso ndi maso. Anakhala maola oposa 700, anthu oposa 1,000 anakhalapo, ndipo ambiri anagwetsa misozi. Ana athu izi siziwadabwitsa kwambiri. Amadziwa kale kuti pamaliro munthu amatha kufika, n'kukhala pamphasa pafupi ndi anamfedwa ola lathunthu osanena kanthu, n'kunyamuka atapepesa mokwanira.

Wachitatu ndi Eric Pickersgill, wojambula zithunzi wa ku America, amene zithunzi zake zotchedwa Removed zinatchuka mu 2015. Ankapempha anthu kuti akhale momwe amakhalira akamagwiritsa ntchito foni, kenako n'kuwachotsa foniyo m'manja asanajambule. Pa chithunzi mumaona mwamuna ndi mkazi pabedi atafulatirana, aliyense akuyang'anitsitsa chikhatho chopanda kanthu. Ndi ntchito yaluso, koma kwa ine imapendekera ku chigamulo chija chakuti foni imalekanitsa anthu. Ya Galloway ndi Rabinowitz imandigwira mtima koposa chifukwa imaonetsa ludzu limene limatikokera ku foniko. Inu mukhoza kuona mosiyana.

Chimene amisiri onsewa akufanana n'chakuti palibe amene analemba uthenga wake m'mawu. Mmodzi anachotsa chinthu, wina anachotsa mawu, enawo anachotsa mtunda. Funso loti "tichotsepo chiyani?" ndi lothandiza kwambiri kwa gulu limene lasokonezeka.

Ntchito 2

Funsani munthu wachikulire wa m'dera lanu momwe uthenga wochokera kutali unkafikira pamudzi iye ali mwana. Mufunseni za makalata a amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela kapena ku Halale: ankawerenga ndani, pamaso pa yani, ndipo ndi mawu ati amene wolembayo sakanatha kulemba podziwa kuti awerenga ndi mwana wa sukulu? Lembani ndime imodzi yoyerekeza zimenezo ndi mwana wa lero amene amalankhula ndi mayi ake pa foni yobwereka, mwini foni ataima pambali.

Kusankha ganizo limodzi

Tsopano nthawi yodzudzula yakwana, ndipo muwauze ana momveka kuti malamulo asintha. Ndi bwino gawoli lichitike tsiku lina, maganizo atagona. Gulu lililonse liyese maganizo ake ndi mafunso awa: Kodi tingachipange ndi zomwe zili pakona paja? Kodi munthu wosadziwa kuwerenga angachimve? Kodi chikuchokera pa zimene zinachitikira wina wa ife? Loyesera lachiwirilo ndi limene limagwetsa zikwangwani za "Foni imaononga khalidwe".

Kuti muone kusiyana, tengani ganizo lakuti "masiku ano anthu amapepesa maliro pa foni". Likadali ganizo chabe, silinakhale chinthu. Afunseni ana kuti pamaliro pamakhala chiyani chimene tingachigwire ndi manja. Atchula mphasa, chikuni, mbale ya chipepeso, nthambi zija timayala pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Gulu lina lingayale mphasa yeniyeni, pakati n'kuikapo chidole chadongo cha namfedwa, ndipo pamalo pamene pakanakhala anthu n'kundandalikapo timafoni tadongo 20. Koma musalole kuti zithere pomwepo. Funsani kuti, mwa timafoni 20 timeneti, kalipo ka mwana wa malemuyo amene ali ku Cape Town, wopanda ndalama ya basi, amene watumiza ya bokosi pa foni pomwepo ndipo akumvetsera nyimbo za pasiwa usiku wonse foni ili kukhutu? Ana akayamba kutsutsana za momwe angasiyanitsire kafoni kameneko ndi tinzake, kaya ndi utoto, kaya pokaika pafupi ndi namfedwa, dziwani kuti phunziro lagwira.

Maganizo ena safuna zambiri. Zitini ziwiri ndi ulusi wokoka bwino zimapanga foni imene imagwiradi ntchito, ndipo ana angathe kuidutsitsa pawindo kuti olankhulana asaonane, wina n'kumajambula nkhope imene akuganiza kuti mnzakeyo akuonetsa. Timakhadi ta mayunitsi totha ntchito, ngati tikupezekabe kwanuko, tingamatidwe ndi phala la chinangwa n'kupanga chithunzi cha munthu amene ali kutali. Ena angasoke nsalu ya mbali ziwiri, ena angakonze sewero lopanda mawu. Gulu likasankha, lijambule kachithunzi ka chinthucho pa pepala ndi kulemba zipangizo zofunika ndi amene abweretse chilichonse.

Zofunika kusamala

Mutu uno umakhudza za m'nyumba za anthu. Musapemphe ana kubweretsa foni kusukulu kapena kukopera mauthenga enieni a makolo awo. Ngati akufuna mawu a uthenga pa ntchito yawo, apeke okha, ndipo pasakhale dzina kapena nambala ya munthu weniweni. Paja akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Chimene chapachikidwa pakhoma la kalasi mawa chili pachitsime.

Nthawi zina posonkha maganizo otere mwana amalemba zimene sananenepo kwa wina aliyense: kuti pali wamkulu amene amamutumizira mauthenga osayenera, kapena kuti anzake akufalitsa chithunzi chake. N'chifukwa chake mapepala onse muwatolere ndi kuwawerenga nokha tsiku lomwelo. Mukapeza zotere musazitchule pagulu. Lankhulani ndi mwanayo pambali, pamalo poonekera, ndipo mudziwitse mphunzitsi wamkulu kapena amene amaona za chitetezo cha ana pasukulu panu tsiku lomwelo.

Ndipo musaiwale mwana amene kwawo kulibe foni ndi imodzi yomwe. Iyeyu amadziwa zimene anzake sadziwa: mtunda wopita kokabwereka, ndalama yotchajitsa pagolosale, manyazi oyankhula zachinsinsi mwini foni akumva, phiri kapena chulu chimene anthu amakwera posaka netiweki. M'gulu lililonse muonetsetse kuti zimenezi zalembedwa pa pepala.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Chitani phunziroli ndi kalasi lanu m'masiku awiri osiyana, loyamba losonkha maganizo, lachiwiri losankha. Kenako tumizani zinthu izi: funso loyambira limene munagwiritsa ntchito, monga momwe munalilembera pabolodi; mapepala awiri a magulu, limodzi la gulu limene linayenda bwino ndi lina la gulu limene linavutika, mutafufuta mayina a ana; ndi lipoti la mawu osapitirira 400. Mu lipotilo mutchule chiwerengero cha ana, ganizo limene inuyo simukanaliganiza, ndi nthawi imene munalephera kudzigwira n'kunena kuti "wakhoza" kapena "ayi". Mufotokoze chimene chinachitika pa mapepala a ana pambuyo pa mawu amenewo. Ntchitoyi ifike kwa mlangizi wanu musanayambe Mutu 10, umene ukunena za kupanga ndi kuonetsa zimene ana asankha.